Jekete Limene Achimwene Avala Lero

Malemu bambo Reinford Namakhwa anabadwa pa 14 Malichi 1951 m'dera la Mphuka, konkuno ku Thyolo. Anali achitatu kubadwa mwa ana asanu ndi mmodzi a malemu bambo Josiah Namakhwa ndi malemu mayi Nancy Namakhwa. Ine amene ndaima pano ndine Simeoni, wopondana nawo, ndipo mwa ana onsewo ndatsala ndekha. Abusa, akulu a mpingo, mafumu athu, amayi a Dorika, ndi nonse amene mwabwera kudzakhala nafe pa chisoni chino, abale andipatsa pepala kuti ndiwerenge. Ndiwerenga ndithu. Koma mundikhululukire, pali zina zimene olemba pepalali sakuzidziwa, ndipo ndikapanda kuzinena lero sindidzapezanso tsiku lina.

Ndineneretu chimene chili kumtima kwanga kuti musavutike n'kuganizira. Ine ndine telala. Ndasoka pakhonde pa Makwasa zaka zoposa makumi anayi. Abambo ambiri muli pano munakwatira mutavala suti yanga, ndipo ana anu anayamba sukulu ndi yunifolomu yanga. Koma achimwene anga enieni, amene tinayamwa bere limodzi, sankafuna n'komwe kuvala chovala chochokera m'manja mwanga. Moyo wanga wonse ndinkafuna chinthu chimodzi chokha kwa iwo, kuti anene ndi pakamwa pawo kuti Simeoni amadziwa kusoka.

Malemu anayamba sukulu ya ku mishoni m'chaka cha 1959 ndipo anamaliza Sitandade 8 m'chaka cha 1967. Anali ndi kabudula mmodzi ngati ife tonse, koma iwo ankamupinda bwinobwino n'kumuika pansi pa mphasa kuti pofika m'mawa akhale ndi mzere. Aphunzitsi ankawaimika kutsogolo kuti ana ena tione chitsanzo. Mayi athu ankakonda kunena kuti Reinford ndi waukhondo, Simeoni ndi wamphamvu. Ndinazindikira mochedwa kuti wamphamvuyo ndi amene amatumidwa kukatema nkhuni.

Mu Okutobala 1969 tinapita tsiku limodzi ku esiteti ya tiyi kukafuna ntchito. Kapitawo anatindandalika pabwalo la fakitale, ndipo manijala wachingelezi, Bwana Douglas, ankayenda n'kumatiyang'ana mmodzimmodzi. Atafika pa achimwene anaima, nawasankha kuti akagwire ntchito m'nyumba mwake. Ine anandipatsa dengu kuti ndikathyole tiyi. Papepala pano alemba kuti malemu anasankhidwa chifukwa cha maonekedwe awo aulemu, ndipo n'zoona. Chimene sanalembe n'chakuti shati yoyera imene anavala tsiku limenelo inali yanga. Anandibwereka m'mawa womwewo, ine n'kuvala yawo yong'ambika pakolala.

M'nyumba ya Bwana Douglas ndi mmene malemu anatengera matenda awo a moyo wonse, ndiwo kukonda zovala za ku Mangalande. Ankasita masuti a bwana, kupukuta nsapato, ndi kuyanika majekete mphepo ya chiperoni ikadutsa kuti asachite nkhungu. Dona, mkazi wa bwanayo, akatha kuwerenga magazini ochokera ku London, malemu ankawatola n'kubwera nawo kumudzi. Mayina a akatswiri osoka a kumeneko ankawatchula ngati akutchula amalume awo. Ankatiuza kuti jekete la Mngelezi silibisala. Mabatani a pamkono amamasuka enieni, si ongomata ayi. Mizere ya nsalu imakumana pathumba ngati sanaidule. Kolala imagona pakhosi osasiya mpata woti ntchentche n'kulowa. Ine ndinkamvetsera ndili ndi zikhatho zong'aluka ndi tiyi, ndipo mtima unkandiwawa, sindibisa.

M'zaka zimenezo anyamata anayamba kuvala mathalauza otambalala kumapazi ndi makolala aakulu ngati makutu a njovu. Malemu ankaziseka zimenezo. Ankati nazonso zachokera ku London, inde, koma zachokera kwa ana osamva a ku London, osati kwa akuluakulu. Boma litaletsa mathalauza amenewo, iwo ankayenda monyada n'kumauza anthu kuti iwo anali atawaletsa kale pakhomo pawo.

M'chaka cha 1974 ine ndinataya dengu n'kupita ku Limbe kukaphunzira utelala. Ndikamanena kuti ndinapita chifukwa chokonda kusoka ndiye kuti ndikunama pamaso pa abusa. Ndinapita chifukwa cha achimwene. Ndinkati iwo amangodziwa kuvala, ine ndikadziwe kupanga.

Pa 8 Ogasiti 1976 malemu anamanga ukwati woyera ndi mayi Emma a ku Kapichi, amene anali mphunzitsi, ndipo anakakhala komweko monga mwa mwambo wathu. Alamu anga ali apowo akudziwa kuti woyamba kuwapatsa moni pa msonkhano wa misasa ndinali ine. Koma ine ndinali nditavala nsapato za matayala, ndipo achimwene anatulukira atamanga tayi. Nkhani imeneyo inatha kalekale, alamu musawerame. Pa ukwatiwo ndinapempha kuti ndisoke suti ya mkwati. Anakana, navala ya Bwana Douglas. Pamenepo sindinadandaule kwambiri, pakuti ndinali ndidakali wophunzira.

Bwana Douglas atabwerera kwawo m'chaka cha 1983, anawasiyira malemu bokosi lodzaza ndi zovala, nawapezeranso malo a ukalaliki ku sitolo ya fakitale. Ntchito imeneyi anaigwira mokhulupirika mpaka anapuma m'chaka cha 2006. Ku mpingo anasankhidwa kukhala dikoni m'chaka cha 1985, ndipo mu 1997 anadzozedwa kukhala mkulu wa mpingo. Anyamata amene munkaimitsidwa pakhomo la tchalitchi kuti akumangireni tayi bwino, lero ndinu azibambo, ndipo ndikukuonani mukugwedeza mitu. Anali munthu wosalephera Sabata, woyendera odwala, wosakweza mawu. Zimenezi sindingawalande.

M'chaka cha 1988 anagwa panjinga pa chitsikira cha ku fakitale, nathyoka fupa la paphewa. Anachira, koma phewa lakumanzere linatsika pang'ono. Kuyambira pamenepo jekete lililonse limene ankavala linkachita makwinya kumsana. Inu simunkaona, koma diso la telala linkaona Sabata lililonse, chifukwa ine ndinkakhala benchi la kumbuyo kwawo. Kangapo konse ndinawauza kuti abwere nalo ndilikonze. Ankayankha kuti chimene Mngelezi wasoka, munthu wa pakhonde asachikhudze.

Kaunjika atachuluka m'misika, malemu anapeza bwenzi, malemu bambo Fackson, amene ankagulitsa majekete ku Luchenza. Tsiku lotsegula belo achimwene ankalawirira. Sankayamba ndi kuona ngati jekete likuwakwana. Ankayamba n'kulitembenuza kuti aone kalebulo ka mkati. Kakanena dziko lina, ankaliponya pambali ngakhale likhale lokongola bwanji. Kakanena za Mangalande, ankalinunkhiza n'kulikumbatira. Ine ndinkachita nsanje ndi anthu amene sindinawaonepo nkhope zawo, anthu okhala kutsidya kwa nyanja amene sankadziwa n'komwe kuti ku Thyolo kuli munthu wowakonda chotere.

Tsopano ndafika pa chaka cha 2008, ndipo akulu a mpingo ndikuona mukuyang'ana wotchi. Pirirani pang'ono. Mu Seputembala chaka chimenecho mwana wawo woyamba, Tayamika, ankakwatiwa. Ndinasoka masuti a operekeza onse, ndi ya mkwati yomwe. Pa msonkhano wa abale ndinaimirira n'kunena kuti ya bambo a mkwatibwi ndisoka ngati mphatso yanga. Malemu anaseka. Ananena pamaso pa akuchimuna, anthu achilendo, kuti matelala a ku Thyolo timasoka matumba a tiyi okhala ndi manja. Anthu anaseka, ena mwa inu muli pano munaseka nawo. Inenso ndinaseka, nanga ndikanatani? Koma ndinabwerera ku Makwasa chakudya osachikhudza.

Mu Febuluwale 2009 ndinapita ku Luchenza kukagula mabatani, ndipo bambo Fackson anandionetsa chijasi chachikulu chimene chinakanika kugulidwa chifukwa chinali chitapsa kutsogolo. Chinali cha nsalu yaubweya yokhuthala, yobiriwira mwakuda, ya mizere yopingasana, imene achimwene ankaitcha twidi. Mwini wake ayenera kuti anali chimphona. Nditachigwira, maganizo oipa anandibwerera pomwepo. Ndinachitenga, ndinachisomola chonse, ndinadula popsapo n'kutaya, ndipo pa nsalu yotsalayo ndinajambula jekete. Tepi yoyezera sindinaifune. Msana wa achimwene ndinali nditauyang'ana zaka makumi awiri.

Ndinasoka miyezi inayi, m'chipinda cha kunyumba, ngakhale mayi a kunyumba kwanga osadziwa kuti ndi la yani. Makina ndinangowagwiritsa ntchito pa misoko italiitali. Kolala, zibowo za mabatani ndi nsalu ya mkati ndinasoka pamanja. Thumba limodzi ndinalisomola kasanu kuti mizere ikumane. Phewa lakumanzere ndinalidula motsika n'kuikamo thonje lochulukirapo. Pomaliza ndinatenga kalebulo ka pa chijasi chija n'kukasokerera mkati. Kenako ndinapita nalo kwa bambo Fackson, ndipo tinagwirizana kuti alikwinye pang'ono, aliike pakati pa belo latsopano, achimwene alipeze okha. Cholinga changa chinali choti alitame pagulu, ine ndiimirire ndiwachititse manyazi monga anandichititsira ine. Ndikuvomera kuti sichinali cholinga cha mkhristu.

Sabata loyamba la mwezi wa Juni 2009 kunali chiperoni, ndipo malemu analowa m'tchalitchi atavala jekete lija. Ndinayang'ana kumsana. Kunalibe khwinya ngakhale limodzi. Ulaliki wa tsiku limenelo sindinaumve, abusa a nthawi imeneyo andikhululukire. Titatuluka anandiitana pansi pa mtengo wa mbawa pamene panaima azibambo. Anandigwiritsa kolala. Anamasula mabatani a pamkono limodzilimodzi kuti ndione. Anandiuza kuti ndiphunzire, chifukwa telala ameneyu anasokera munthu wa ku London, koma jekete lake lakwana munthu wa phewa lopendekeka wa ku Kapichi ngati anamuyeza. Anati manja otere Mulungu anangowapereka kwa Angelezi okha.

Abale anga, nthawi yake inali imeneyo. Mawu anali atafika pakamwa. Koma kutamidwa n'kokoma, makamaka kwa munthu amene wakudikira zaka makumi atatu. Ndinati ndimve kaye Sabata linanso limodzi, ndidzaulula la mawa. Sabata la mawalo anatamanso, ndipo ndinati lotsatira. Kenako ndinayamba kuchita mantha, chifukwa ndinkawadziwa achimwene. Ndinaona kuti tsiku limene adzadziwe, adzapeza cholakwika pa jeketelo n'kulipachika osalivalanso. Choncho ndinakhala chete, ndipo kukhala chete kwanga kunafika zaka khumi ndi zisanu.

Musaganize kuti zinali zaka zokoma. Ha! Ndinadzipangira ndekha mdani. Mngelezi amene kulibe, amene ndinam'bereka ine ndi singano yanga, ndiye ankalandira ulemu wanga Sabata ndi Sabata. Pa maukwati, pa misonkhano ya misasa, malemu ankaitana anyamata ophunzira utelala n'kuwaonetsa msoko wa pakolala, kenako n'kuloza ine, kuti amalume anuwa akhala pa makina zaka zonsezi koma apa safikapo. Ndinkapita kunyumba nditakwiyira munthu wopanda nkhope, wopanda mudzi. Bambo Fackson ankandiseka, nandiuza kuti ndiulule iwo adakali moyo kuti andichitire umboni. Ndinazengereza, ndipo iwo anatisiya m'chaka cha 2014.

Atapuma ntchito, malemu sanasiye kutsatira za mavalidwe. Mwana wawo Kingsley anawagulira foni, ndipo ankaonerapo zionetsero za zovala za ku London mpaka batire kutha. Sizonse zimene ankavomereza. Masuti othina amene munthu sangagwade nawo popemphera ankadana nawo. Thalauza lolekeza pamwamba pa kakolo, nsapato popanda sokosi, ankati ndi umphawi wochita kugula. Ankadandaula kuti osoka a masiku ano kumeneko ayamba kusokera makamera osati anthu. Koma akatha kudandaula ankasisita mkono wa jekete lawo n'kunena kuti akale aja ndiwo ankadziwa, onani ili, zaka zonsezi batani silinathothokepo. Linathothokapo kamodzi, mu 2017, ndipo alamu anabwera nalo kwa ine mobisa. Ndinalibwezeretsa ndine.

Malemu anayamba kudwala matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi m'chaka cha 2021. Ankalandira mankhwala ndipo ankapezako bwino. Pa 3 Julayi chaka chino cha 2024 anafooka kwambiri, ndipo anagonekedwa ku chipatala cha mishoni. Madokotala ndi anamwino anayesetsa mbali yawo. Ine nditaona mmene thupi linkathera, ndinadziwa kuti nthawi yozengereza yatha. Zidutswa za chijasi chija ndinali nditazisunga m'chitini, ndipo Lachitatu pa 17 ndinaziika m'thumba kuti zikakhale umboni wanga. Ndi izi ndanyamulazi, amene akukayika adzazifanizire.

Ndinafika nthawi ya masana yoonera odwala. Alamu anali atapita kukatenga madzi, tinatsala awiri. Ndisanatsegule pakamwa, iwo anayamba. Anandiuza kuti akudziwa kuti satuluka, ndipo akufuna adzaikidwe atavala jekete lawo la twidi. Anati ndidzalisite ine, ndi simbi ya makala, nditayala kansalu konyowa pamwamba kuti ubweya usapse, popeza kusita kokha ndimakutha. Kenako anandigwira dzanja. Anandiuza mwachikondi, misozi ili m'maso, kuti akhala akundipempherera zaka zambiri kuti tsiku lina ndidzasoke chinthu chonga chimenechi, koma poti Mulungu amagawa mphatso mosiyana, ndisadziimbe mlandu.

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndinakhala chete chifukwa cha chifundo, kuti sindinafune kumulanda wodwala chimene ankanyadira. Ayi. Ndinapsa mtima. Dzanja langa linali kale m'thumba, litagwira zidutswazi, koma ndinalitulutsa lopanda kanthu. Mumtima ndinati munthu ameneyu, ngakhale pa bedi la imfa akundinyozabe, adikire mpaka Lamulungu. Ndinatsanzika mwaulemu n'kukwera njinga yanga. Lachinayi sindinapite. Malemu anatisiya Lachisanu pa 19 Julayi, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 73.

Lero m'mawa ndasita jekete lija monga anandilamulira. Ndinatenga lezala kuti ndichotse kalebulo ka bodza kaja, ndipo ndinakhala nalo m'manja mpaka makala a m'simbi anazima. Kalebuloko ndakasiya pomwepo. Anapempha jekete la ku Mangalande, ndipo mawu omaliza a munthu sitisintha. Koma inu amene mudutse kudzaona nkhope, yang'ananiko pakolala ndi pathumba la pachifuwa. Nsaluyo ndi ya Angelezi, sindikana. Msoko uliwonse umene muuone ndi wa Simeoni Namakhwa wa pakhonde pa Makwasa. Mpingo wathu umatiphunzitsa kuti munthu akafa wagona tulo, samva chilichonse cha pansi pano. Ndiye kuti zonse ndanenazi mwamva ndinu. Mwini nkhani sanamve.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Emma Namakhwa, ndi ana anayi: Tayamika, Kingsley, Mtisunge ndi Chikhulupiriro. Asiyanso zidzukulu khumi ndi chimodzi, zidzukulutudzi ziwiri, ndi ine mng'ono wawo.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, abusa ndi akulu a mpingo amene sanatope kuwayendera, ndi amayi a Dorika amene akhala pambali pa alamu anga kuyambira Lachisanu. Tikuthokoza a kwaya, adzukulu amene akonza manda m'nthaka youma ya mwezi uno, akuluakulu a ku esiteti chifukwa cha galimoto ndi nkhuni, mafumu a ku Kapichi ndi a ku Mphuka, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu. Alamu, ana anga, ngati ndakuchititsani manyazi pa tsiku lotere, mundikhululukire.

Achimwene anga a Reinford agone mumtendere kufikira lipenga lidzalire. M'mawa umenewo ndidzawafunafuna pakati pa ouka ndipo ndidzawauza ndekha, osadikiranso Sabata lina. Mundipempherere, abale, kuti ndi mtima wangawu ndidzapezekeko.